MBIRI YA LIU LAKUTI "STRIKE"



Masiku apitawa tinalandira kalata yocokera kwa bambo wina wa ku Chingola, amene wagwira nchito pansi pa mgodi zaka zambiri. Iye ati mwana wace wa pa sukulu anadza ndi buku la Cingelezi, ndipo m'bukumo anapeza liu lakuti "strike" m'malo atatu. Pa tsamba loyamba linali kunena za munthu womenya njoka ndi ndodo. Pa laciwiri linali kunena za munthu wopeza golidi. Ndipo pa lacitatu linali kunena za anthu oleka nchito pofuna malipiro. Mwanayo anafunsa kuti, "Kodi atate, pocita sitalaka mumamenya yani?" Ndipo bamboyo, posowa coyankha, anatilembera ife.

Funso limeneli si lacibwana ai. Akulu anati safunsa anadya phula, ndipo ambiri a ife takhala tikuchula liu ili kuyambira ubwana wathu osafunsa kumene linacokera. Ngakhale ine ndemwe, pamene ndinali pa sukulu ya mishoni, mphunzitsi anatiuza kuti tiloweze pamtima "strike, struck, struck", nati tanthauzo lace ndi kumenya. Ndipo popeza anali ndi kamkwapulo m'dzanja, panalibe wokayika. Koma kumenya ndi nthambi imodzi cabe ya mtengo waukulu. Lero ndifuna kuti titsate mtengo umenewu kuyambira ku mizu yace, pakuti mbiri ya liu ili yakhudza miyoyo ya anthu a dziko lino, ndipo ena anafa nalo.

KUMENE LINACOKERA

Zaka zoposa 1,000 zapitazo anthu a ku England anali kulankhula Cingelezi cakale, cimene Mngelezi wa lero sangacimve popanda kuciphunzira. M'cinenero cimeneco munali liu lakuti "strican". Cimene cidzakudabwitsani ndi ici: liulo silinali kunena za kumenya konse. Linali kunena kusisita, monga mai asisita mutu wa mwana wace. Kusalaza cinthu ndi dzanja. Ndiponso kuyenda mosalala monga ayendera madzi m'khwawa. Abale ace a liu ili alipobe kufikira lero. Mngelezi akasisita galu wace ati "stroke". Mzera wotsala pamene cinthu cakhula pa cinzace ati "streak". Ndipo Mjeremani popaka utoto pa khoma ati "streichen". Onsewa ndi ana a mimba imodzi.

Tanthauzo la kusalaza linakhala nthawi yaitali m'misika. Inu amai mudziwa kuti pogula cimanga mkangano umabuka pa muyeso: wogula afuna tini yodzaza mpaka kusefukira, ndipo wogulitsa afuna kucepetsa. Angelezi akale pogulitsa tirigu anali ndi kathabwa koongoka. Akadzaza muyeso, anali kupititsa kathabwako pamwamba kuti tirigu wopitirira agwe, ndipo wotsalayo alingane ndi milomo ya muyeso. Kucita kotero anali kuti "to strike", ndipo m'madera ena muyeso womwewo unachedwa "strike". Sungani mfundo iyi, pakuti tidzabwererako: kale lomwe liu ili linali kunena za kulinganiza muyeso, kuti wogula kapena wogulitsa asanyengedwe.

KUMENYA

Dzanja limene lisisita ndi lomwelo limene limenya. Cosiyana ndi mphamvu yokha. Cotero pofika zaka za m'ma 1300 liu lija linali litatenga tanthauzo la kumenya, ndipo tanthauzo latsopanoli linakula msanga ndi kuphimba lakale, monga dzungu liyanga ndi kuphimba citsa.

Pa cipala ca wosula zitsulo pamakhala anthu awiri: mmisiri wogwira citsulo cofiira ndi mbaniro, ndi mnyamata womenya ndi nyundo yaikulu. Mnyamatayo Angelezi amucha "striker". Dzina lomwelo lapatsidwa kwa wosewera mpira amene nchito yace ndi kuponya mpira m'golo. Godfrey Chitalu, amene anabadwira ku Luanshya m'caka ca 1947 nachuka ku Kabwe Warriors, anali "striker" wotere, ndipo dzina lace silinaiwalike ngakhale anafa pa ngozi ya ndege kufupi ndi Libreville m'caka ca 1993.

Koloko yaikulu ikafika pa ora, nyundo imene iri m'kati mwace imenya belu. Cifukwa cace Mngelezi sanena kuti koloko yalira monga tinena ife, koma ati "the clock strikes". Belu lochuka la ku London lochedwa Big Ben, lolemera matani oposa 13, linayamba kulira m'caka ca 1859, ndipo pa usiku wotsiriza wa caka ca 1923 linamveka koyamba pa wailesi. Mphenzi ikagwa pa mtengo, njoka ikajompha munthu, mliri ukagwa m'mudzi, ndege za nkhondo zikaponya mabomba, liu ndi lomweli.

Makobiri amene muli nao m'thumba naonso anamenyedwa. Makolo a kuno ndi a ku Katanga anali kusungunula mkuwa ndi kuuthira m'zikombole, natulutsa mitanda ya mkuwa imene inali kuyenda ngati ndalama. Koma Azungu anali kuika kacitsulo kobulungira pakati pa zidindo ziwiri ndi kumenya ndi nyundo kuti cithunzi citsalirepo. Lero makina ndiwo apsinja, koma liu silinasinthe. Ngwee zoyamba za Zambia, zimene zinayamba kuyenda m'caka ca 1968, Mngelezi anena kuti zinali "struck".

Palinso kumenya kwina kofatsa, kumene kutikumbutsa tanthauzo lakale la kukhula. John Walker, wogulitsa mankhwala wa ku Stockton-on-Tees, anayamba kugulitsa macesi oyaka pokhula m'caka ca 1827, ndipo kuyatsa macesi ati "to strike a match". Ngakhale ganizo likadza mwadzidzidzi, Mngelezi ati "it strikes me", monga ngati ganizolo lamgunda m'mutu.

KUPEZA CUMA CA PANSI

Tsopano tifike pa tsamba laciwiri la buku la mwana uja. Munthu wokumba amenya nthaka ndi piki tsiku ndi tsiku, ndipo tsiku lina pikiyo igunda cinthu cimene anali kufuna. Potero kugunda kunasanduka kupeza. Edwin Drake anaboola citsime ku Titusville m'dziko la America m'caka ca 1859 napeza mafuta. Kupeza kotere ati "to strike oil", ndipo mau awa anenedwanso za munthu ali yense amene walemera mwadzidzidzi. George Harrison anapeza mwala wa golidi pa famu ya Langlaagte m'caka ca 1886, ndipo pamenepo panamera mzinda wa Johannesburg, kumene agogo athu ambiri anapita kukagulitsa mphamvu zao. Kuno kwathu, monga nkhani ikambidwira, William Collier anaombera cilembwe pafupi ndi mtsinje wa Luanshya m'caka ca 1902, ndipo nyamayo inagwera pa mwala wobiriwira ndi mkuwa. Ndico cifukwa cace mgodi wa kumeneko unachedwa Roan Antelope, dzina la cilembwe m'Cingelezi.

Koma apa tiyenera kunena zoona. Mkuwa umene mlendo anati waupeza, Alamba ndi Akaonde anali kuudziwa kale. Ku Kansanshi anthu anali kukumba ndi kusungunula mkuwa zaka mazana ambiri George Grey asanafikeko m'caka ca 1899. Mabuku akanena za "strike" ya mkuwa, achula amene analembetsa malowo ku Boma, osati amene anayamba kuona mwalawo.

Inu a pansi pa mgodi mudziwa tanthauzo linanso, limene aphunzitsi ambiri salidziwa. Mwala wa mkuwa ugona m'nthaka monga bulangeti lopendekeka. Kupendekeka kwace kunka pansi akatswiri a miyala ati "dip". Koma njira imene mwalawo uyenda copingasa, osakwera ndi osatsika, ati "strike". Apa liu labwerera ku ubwana wace, pakuti lirikunena za kuyenda mosalala.

KUTSITSA MATANGA

Tatsala ndi tsamba lacitatu, ndipo kuti tilimvetse tiyenera kucoka pamtunda ndi kupita ku nyanja. Masiku amene kunalibe injini, zombo zinali kuyenda ndi mphepo. Combo cacikulu cinali ndi milongoti itatu ndi matanga ambiri, onga aja muona pa ngalawa za pa nyanja ya Tanganyika kapena ya Malawi, koma aakulu kopambana. Pa cilankhulo ca amalinyero, kuyambira kale lomwe, "to strike" kunali kutsitsa. Kutsitsa thanga ati "strike sail". Combo ca nkhondo cikagonja cinali kutsitsa mbendera yace, ndiko "strike the flag". Ndipo asilikali pozula mahema kuti anyamuke ati "strike camp". M'zonsezi mulibe kumenya munthu.

M'caka ca 1768 ku England kunali mabvuto. Mtengo wa zakudya unali utakwera, ndipo malipiro a amalinyero sanali kukwanira. M'mwezi wa May amalinyero a pa mtsinje wa Thames ku London anapempha eni zombo kuti awaonjezere ndalama. Pofuna kuti pempho lao limveke, anayenda combo ndi combo natsitsa matanga, kotero kuti zombo sizinathe kucoka padoko. Malonda a mzinda waukuluwo anaima, ndipo amalinyero zikwi zambiri anayenda ulendo wa ku Westminster kukapereka dandaulo lao ku Nyumba ya Malamulo. M'caka comweco ndimo liu lakuti "strike" lioneka koyamba m'zolembedwa ndi tanthauzo la kuleka nchito, ndipo akatswiri ambiri a mau abvomerezana kuti linacokera pa kutsitsa matanga kuja.

Onani tsono, sitalaka sinabadwe kucokera ku nkhonya. Mmalinyero wotsitsa thanga sanathyole mlongoti, ndipo sanaboole combo. Anangocotsa mphamvu imene iyendetsa combo, podziwa kuti tsiku la cimvano thanga lomwelo lidzakwezedwanso. Sindirikunena kuti masiku amenewo ku London kunalibe ciwawa. Cinalipo, ndipo anthu anafa m'mikangano ya padoko caka comweco. Koma liu lokhalo linacokera pa kutsitsa, osati pa kukantha.

Anchito a m'mafakitale a nsalu kumpoto kwa England anali ndi liu lao lakuti "turn-out", ndiko kutuluka panja, koma liu la amalinyero ndilo linapambana. Ajeremani, ngakhale ali ndi mbale wace wa liuli m'cinenero cao, anabwereka la Cingelezi nalilemba "Streik". Ndipo ife tinalilandira ndi kuliumba ndi lilime lathu kukhala sitalaka. Liu lathu lenileni ndi kunyanyala, monga anyanyala mwana wokana nsima, kapena mkazi wobwerera kwao kufikira ankhoswe atakamba mlandu. M'kunyanyala namonso mulibe kumenya. Muli kukana, ndi kudikira ankhoswe.

CINTHU CINATSOGOLA, DZINA LINATSATA

Musaganize kuti kuleka nchito kunayamba ndi Angelezi. Sitalaka yakale kopambana imene mbiri yace inalembedwa inacitika mu Africa muno. Ku Egypt, zaka ngati 1,150 Yesu asanabadwe, m'caka ca 29 ca ufumu wa Ramesses III, kunali amisiri osema manda a mafumu m'matanthwe, okhala m'mudzi umene lero uchedwa Deir el-Medina. Malipiro ao anali tirigu wa mwezi ndi mwezi. Phoso litacedwa masiku ambiri, anatula zipangizo zao, napita kukakhala pansi pa akacisi a mafumu, nanena kuti ali ndi njala. Mlembi analemba zonsezi pa gumbwa, ndipo cikalataco cisungidwa ku Turin m'dziko la Italy. Iwonso anali osema miyala pansi pa nthaka, ndipo mlandu wao unali wa phoso.

Tibwerere ku London. M'mwezi wa July 1888 akazi ndi asungwana ngati 1,400 a pa fakitale ya macesi ya Bryant and May, ku Bow, ananyanyala nchito. Anali kugwira maora ambiri. Anali kudulidwa malipiro pa zifukwa zazing'ono, monga kuceza kapena kucedwa. Ndipo mankhwala opangira macesi, ochedwa phosphorus woyera, anali kuoletsa nsagwada za ena. Analibe bungwe, analibe ndalama, koma anagwirizana. Ndipo patapita masabata ngati awiri eni fakitale anabvomera kucotsa zindapusa zija ndi kumva madandaulo ao. Amene anali kupangira ena macesi ocita nao "strike" anacita "strike" yaoyao, napambana.

Koma si sitalaka iri yonse ipambana. M'mwezi wa May 1926 anchito a njanji, a madoko, osindikiza mabuku ndi ena ambiri a ku Britain analeka nchito masiku 9 pothandiza anzao a m'migodi ya malasha, amene eni migodi anafuna kuwacepetsera malipiro ndi kuwaonjezera maora. Iyi ndiyo ichedwa General Strike. Enawo atabwerera ku nchito, a m'migodi anapirira okha kufikira mwezi wa November, ndipo njala inawabweza pa malipiro ocepa ndi maora ambiri. Walira mvula walira matope. Ndipo pali tanthauzo lina la liuli limene wonyanyala ali yense aliopa, ndilo "to strike off", kupititsa mzera wa colembera pa dzina la munthu m'buku, kuti asawerengedwenso.

KU MIGODI YA KWATHU

Migodi yaikulu ya Roan Antelope, Nkana ndi Mufulira inayamba kutulutsa mkuwa pakati pa 1931 ndi 1933, ndipo sipanapite nthawi liu lathu linafika m'makomboni.

M'mwezi wa May 1935 Boma la Northern Rhodesia linakweza msonkho wa amuna okhala ku migodi kucokera pa 12s. 6d. kufika pa 15s., monga zinaliri ndalama za masiku aja. Mbiriyo inalengezedwa mwadzidzidzi, malipiro osakwera. Anchito a ku Mufulira ndiwo anayamba kunyanyala, a ku Nkana anatsatira, ndipo uthenga unayenda ndi makalata ndiponso ndi magulu a gule wa Mbeni. Pa 29 May ku Luanshya khamu linasonkhana pa ofesi ya komboni. Miyala inaponyedwa, apolisi anaombera mfuti, ndipo anthu 6 anafa.

M'mwezi wa March 1940, nkhondo yaikulu iri m'kati, Azungu a ku Mufulira ndi Nkana anacita sitalaka, napatsidwa zambiri zimene anafuna popanda kukhetsa mwazi. Anthu akuda ataona ici anati, ngati kutula zipangizo kwathandiza awa, kudzathandiza ifenso. Koma pa 3 April ku Nkana, pamene ena amene sananyanyale anaima pa mzera kulandira malipiro, khamu linakwiya. Utsi wokhetsa misozi unaponyedwa, miyala inauluka, asilikali anaombera; anthu 17 anataya miyoyo yao, ndipo oposa 60 anabvulala. Ku Mufulira, kumene anchito anasankha atsogoleri ao oyang'anira bata, sikunafe munthu.

Nanga cifukwa ninji liu limodzi linabala zipatso zosiyana cotere m'masabata awiri okha? Azungu anali ndi bungwe lao kuyambira 1936, lodziwika kwa eni migodi, lokhala ndi atsogoleri okamba mlandu pa gome. Anthu akuda analibe ankhoswe otere. Anali ndi akulu a mitundu oikidwa m'makomboni, amene anchito ambiri anawayesa maso a kampani. Ndiponso akuluakulu a Boma ndi a migodi, pomva kuti anthu akuda acita sitalaka, anamva tanthauzo la kumenya, naitana mfuti msanga. Sitalaka ya Mzungu inawerengedwa kutsitsa matanga. Ya munthu wakuda inawerengedwa cipanduko. Mfuti zija palibe angazilungamitse. Koma anchito anatengapo phunziro, lakuti khamu lopanda pakamwa pamodzi liyankhidwa ndi zipolopolo, ndipo cala cimodzi siciswa nsabwe.

M'caka ca 1947 Boma la Britain linatuma William Comrie, munthu wa ku Scotland wodziwa za mabungwe a anchito, kudzathandiza anthu akuda kukhazikitsa mabungwe ao. M'caka ca 1949 nthambi za m'migodi zinalumikizana kukhala bungwe limodzi la African Mineworkers' Union, ndipo Lawrence Katilungu anasankhidwa kukhala mtsogoleri wace. M'caka ca 1952 bungwelo linapempha 2s. 8d. yoonjezera pa shifiti iri yonse. Eni migodi atakana, migodi ya mkuwa inaima masabata atatu. Sitalaka imeneyi ikumbukika cifukwa ca bata lace. Amuna zikwi makumi, a mitundu yosiyana ndi zinenero zosiyana, anakhala m'makomboni osaponya mwala, ndipo mfuti zinasowa cozilizira. Mlanduwo unaperekedwa kwa nkhoswe, C. W. Guillebaud wa ku Cambridge, amene m'mwezi wa January 1953 anagamula kuti malipiro akwere. Sanalandire zonse zimene anapempha, koma analandira zooneka ndi maso. Pamenepo matanga anatsitsidwa, nakwezedwanso.

Njira sinakhale yosalala kucokera pamenepo. Sitalaka ya 1955 inatenga masiku 58, ndipo phindu lace linali locepa poyerekeza ndi njala imene mabanja anapirira. M'caka ca 1956 anchito ananyanyala mosinthana, mgodi uwu lero, mgodi wina mawa, kufikira Boma linalengeza za nthawi ya ngozi m'mwezi wa September ndi kutsekera atsogoleri ambiri a bungwe. Komabe bungwelo silinafe. Dziko litalandira ufulu m'caka ca 1964, linalumikizana ndi ena kukhala Mineworkers' Union of Zambia m'caka ca 1967. Ndipo tisayese kuti ngozi ya kusokoneza matanthauzo awiri aja inatha ndi ulamuliro wa Azungu. Pa 16 August 2012, ku mgodi wa Marikana ku South Africa, apolisi anaombera anchito onyanyala napha anthu 34.

KUGWIRANA CANZA

Latsala tanthauzo limodzi, ndipo ndalisunga dala. Angelezi akale akamvana pa mtengo wa ng'ombe kapena wa munda, wogula ndi wogulitsa anali kuombana m'manja pamaso pa mboni, ndipo kuomba kumeneko kunali cidindo cakuti malonda atha. Kucokera apo, kupangana ati "to strike a bargain". Uku ndi kumenya ndithu, koma ndi kumenya kwa dzanja pa dzanja linzace, monga ticitira ife pogwirana canza mlandu utatha.

Tsono inu bambo a ku Chingola, mukamuuze mwana wanu motere. Pocita sitalaka simumenya munthu ali yense. Muyamba ndi kufunsa ngati muyeso uli wolingana, monga anacitira ogulitsa tirigu ndi kathabwa kao: kodi thukuta limene lilowa pansi lirikulingana ndi ndalama imene ituluka pa zenera la malipiro? Ngati silingana, ndipo kukamba kwalephera, mutsitsa thanga monga amalinyero a pa Thames, osaononga combo cimene mudzakwerenso. Ndipo cimene mufuna pa mapeto si kugonjetsa mnzanu, koma kugwirana naye canza pa pangano limene nonse mungalisunge. Sitalaka yosafika pamenepo yatha pakati pa njira, ngakhale ikhale yaitali bwanji.

Mumuuzenso kuti asaleke kufunsa. Liu la cinenero ca eni ace liri ngati mlendo wofika ndi katundu womanga. Munthu wanzeru ayamba wamasula mtolo asanauike m'nyumba mwace. Amuna 6 a ku Luanshya ndi 17 a ku Nkana sanakhale ndi mwai wa kukamba mlandu wao pa gome. Ife amene tiri nao mwaiwo, kaya ndife anchito, kaya akapitao, kaya apolisi, kaya eni nchito, tiyenera kudziwa bwino tanthauzo la liu limene tichula.

Amene ali ndi liu lina la Cingelezi limene limawabvuta, atilembere kalata.